Madzi Ndi Ako, Moto Ngwa Mmisiri

(Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono)

Moni kwa inu a ku Fingoè, a ku Malowera, a ku Chiputo ndi a ku Chipera. Moni kwa asodzi a kapenta amene mukukonza nyali m'mphepete mwa nyanja ya Cahora Bassa. Moninso kwa abale athu a kutsidya kwa malire, ku Petauke ndi ku Katete, ngati mphepo yakufikitsirani mawu athu madzulo ano. Sendezani wailesi pafupi, ana achepetse phokoso, ticheze.

Nkhani yathu lero ndi ya makina ochapira zovala. Akafa, tiziwatsegula tokha kapena tiziitana mmisiri?

Ndikudziwa, wina waseka kale. Inu mayi amene mwangofika kumene kuchokera kumtsinje, beseni lili pamutu, msana ukuwawa, mukuti, "Aa, bambo wapawailesiyu lero wasowa chonena. Makina ochapira ku Maravia kuno? Makina anga ndi manja awiriwa ndi mwala wa kudambo." Zoona mayi, simunaname. Ambiri mwa ife tikuchapabe pamwala ndi pamjigo. Koma musatseke wailesi. Pa Fingoè pano, m'nyumba za aphunzitsi, anamwino ndi a malonda, makinawa ayamba kuoneka, ena ogula ku Tete, ena obwera nawo ana athu ochokera ku Joni. Ndipo zimene ndinene pa makina ochapira zikhudzanso furiji, pampu ya madzi, chigayo, ngakhale batire la sola limene lili pakona m'nyumba mwanumo. Funso lake ndi lomwelo: dzanja langa lilekeze pati, la mmisiri liyambire pati?

Ndiyambe ndi za kwathu, poti kunena za eni ndi miseche.

Mlongo wanga ndi mphunzitsi. Iye ndi amuna ake, alamu anga, anasunga ndalama chaka chathunthu mpaka anagula makina aja a migolo iwiri, uku kochapira, uku kofinyira. Anabwera nawo kuchokera ku Tete atawafunditsa mabulangete ngati khanda. Zaka ziwiri makinawo anagwira ntchito popanda chodandaulitsa. Loweruka lina, m'mwezi wotentha wa Okutobala, mlongo wanga wathira madzi, wathira sopo, waponyamo mayunifolomu a ana, wapotokola choyatsira. Makina angoti ng'ung'ung'u ngati njuchi m'mphako, koma chimbale cha pansi chija chili duu.

Alamu anadzuka pampando. "Tandipatsani sikuludiraiva."

Mlongo wanga anati, "Bambo, tadikirani kaye. Makinawa ayamba kudwala masabata atatu apitawo. Amayamba ang'ung'udza, ndikakankha chimbalecho ndi kamtengo ndiye amanyamuka. Tiyeni tiimbire mmisiri timuuze zimenezi."

"Mmisiri wa chiyani? Njinga yamoto ija amakonza ndani? Si ine ndemwe?"

Pulagi anazula, pamenepo ndiwayamikire. Anatsegula kumbuyo kwa makina. M'katimo anaona kanthu kangati chitsononkho, kali ndi timawaya kumutu. Anakagwira pomwe pali timawayapo. Anthu inu! Alamu anga, munthu wamkulu, mkulu wa mpingo, anadumpha ngati aponda khala. "Koma ndazulatu pulagi ine! Mwalowa mfiti umu?"

Munalibe mfiti. Kanthu kaja dzina lake ndi kapasita. Ntchito yake ndi kukankha mota poyamba, monga mmene anyamata amakankhira galimoto yofa batire. Ikatopa, mota imangolira osanyamuka, ukaikankha ndiye imapita. Koma kapasita ili ndi khalidwe limodzi loipa. Imatha kusunga moto m'mimba ngakhale mwazula pulagi, ngati chikuni chooneka chozima pamene m'kati muli khala.

Akanalekera pomwepo, bwenzi tikungoseka. Koma manyazi ndi matenda. Alamu anazula mawaya onse kuti aone bwino, osajambula ndi foni, osalemba papepala kuti uyu anali apa. Pobwezera anasokoneza. Atayatsa, nyumba yonse fungo la chinthu chopserera. Mota yapsa.

Mmisiri anachokera ku Tete patapita masabata awiri. Anayang'ana, anapukusa mutu, anabwerera kukafuna mota. Makina anadzagwiranso ntchito patatha masabata asanu ndi limodzi. Tsiku lomaliza, akupukuta m'manja, anafunsa mlongo wanga mmene zinayambira. Atamva anati, "Mayi, mukanandiuza zimenezi pafoni, ndikanangoika kapasita m'thumba la malaya. Inali ntchito ya mphindi 20."

Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

(Nyimbo yaifupi)

Koma tisawaseke kwambiri alamu anga, pakuti chimene chinawatuma si kudzikuza kokha. Ndi mtunda.

Munthu wa ku Matundo kapena ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, akaimba foni m'mawa, mmisiri amafika nsima ya masana isanapse. Ife kuno mmisiri akwere galimoto msewu wopita ku Cassacatiza, apatuke pa Bene, alowe msewu wa ku Fingoè ndi ku Zumbo, umene nonse mukuudziwa mmene umakhalira mvula ikagwa. Ulendo wake, kubwera ndi kubwerera, mulipira ndinu. Chakudya ndi pogona, ndinu. Kawirikawiri ulendowo umadya ndalama zambiri kuposa chitsulo chimene wabwera kudzasintha. Ndiye munthu akakuuzani kuti "itanani katswiri basi," ameneyo sanakhaleko ku Maravia.

Taganizaninso izi. Kummwera kwa boma lathu lino kuli nyanja ya Cahora Bassa. Damu lake linamalizidwa mu 1974. Makina ake asanu amatha kutulutsa mamegawati 2,075, ndipo mawaya ake amayenda makilomita pafupifupi 1,400 kukafika ku Apollo, m'dziko la South Africa. Mu Novembala 2007 ulamuliro wa damulo unabwera m'manja mwa Mozambique, ndipo mu 2018 boma linakhazikitsa ndondomeko ya Energia para Todos, yofuna kuti pofika 2030 aliyense akhale ndi magetsi. Tinalira magetsi, ndipo akubwera mzati ndi mzati. Koma walira mvula walira matope. Waya amabwera yekha, sabwera atabereka mmisiri kumsana. Magetsi amayenda makilomita 1,400 m'kuphethira kwa diso, pamene kapasita yonga chitsononkho imatenga masabata kuti ichoke ku Tete kufika pa Fingoè.

Choncho kuno sitingathe kuitana mmisiri pa chifuwa chilichonse cha makina. Komanso sitingathe kumang'amba mimba ya makina ngati tikutumbula nkhuku. Pakufunika malire, ndipo malirewo makolo athu anawadziwa kalekale.

Dzina loti Maravia likuchokera kwa Amaravi, makolo athu, amene ankasungunula chitsulo m'ng'anjo ndi kusula makasu otchuka mpaka ku Tete. Masiku amenewo mwamuna aliyense ankadziwa kusema mpini. Ukathyoka, ankalowa m'tchire, kudula mtengo, kusema, kukhomera khasu, ntchito n'kupitirira. Palibe amene ankayenda ulendo wa tsiku kukafuna wosema mpini. Koma khasu lenilenilo likang'ambika, palibenso amene ankasonkha moto kuseri kwa nyumba kuti asule yekha. Ankalinyamula kupita kwa wosula. Mpini ngwa mwini, moto ngwa wosula. Palibe amene ankachita manyazi ndi zimenezo.

Pa makina ochapira lamulo lake ndi lomwelo, ndipo ndikufuna muligwire ngakhale zina zonse muiwale. M'makinamo mumakhala alendo awiri osamwerana madzi, ndiwo madzi ndi magetsi. Njira ya madzi ndi yanu. Njira ya moto ndi ya mmisiri.

Tiyambe ndi zanu.

Musanagwire chilichonse, zulani pulagi. Kuzimitsa pa batani sikukwanira. M'manja mukhale mouma, pansi pouma, kumapazi nsapato.

Makina akangoti zii, osalira n'komwe, musathamangire kuwatsegula. Yang'anani kaye mita ya Credelec, mwina mayunitsi atha. Yesani soketiyo ndi chinthu china, kaya wailesi kaya tchaja cha foni. Pali anthu analipirira mmisiri ulendo wonse kuti adzawauze kuti soketi ndiyo yafa.

Madzi akamakana kutuluka, dziwani kuti makina ambiri a migolo iwiri alibe pampu. Madzi amatsika okha monga amachitira m'ngalande. Paipi yotulutsira ikapindika, kapena mukaikoleka m'mwamba, madzi aima. Igonekeni pansi, ioneni ngati mwatsekeka ulusi. Kasefa kogwira ubweya wa zovala kamene kali m'mbali mwa mgolo kamachoka ndi dzanja. Katsukeni nthawi zonse mukamaliza kuchapa.

Mukamva phokoso la gwedegwede pansi pa chimbale chozungulira, kawirikawiri ndi ndalama zachitsulo, msomali, chipanera kapena timiyala tochokera m'matumba a ana. Chimbalecho chimagwidwa ndi sikulu imodzi pakati. Masulani, nyamulani, chotsani zinyalala, bwezerani. Imeneyo ndi ntchito ya mwini. Koma ntchito yabwino kuposa imeneyo ndi kupisa m'matumba musanachape.

Mdani wina wamkulu kuno kwathu ndi mchenga. Zovala zochokera kumunda zikung'unthidwe kaye. Madzi a pachitsime kapena a kumtsinje adikhe m'chidebe, muwasefe ndi nsalu. Mchenga umadya labala amene amatchinga madzi kuti asatsikire kumota, ndipo umadya mwakachetechete ngati chiswe.

Mbali yofinyira ikamamenya m'mbali ngati ng'oma, musaope. Zovala zaunjikana mbali imodzi, kapena makina aima potsetsereka. Yalani zovala mofanana, tsindirani ndi kachivundikiro ka pulasitiki kaja, ikani makina pamalo osalala. Ikakana kuzungulira, onani ngati chivundikiro chatsekeka bwino, pakuti opanga anachita dala kuti isazungulire ili yotsegula, kuopa kuthyola mkono wa mwana. Ndipo chonde, amayi ndi abambo, bulangete lonyowa limalemera ngati thumba la chimanga. Mukakanikiza awiri nthawi imodzi, mukupha lamba ndi mota.

Amene muli ndi makina aja odzichapira okha, otunga okha madzi kumpopi, muli ndi masefa awiri oti muziwadziwa. Ina ili polowera madzi, pomwe paipi imalumikizana ndi makina, ndipo imatsekeka ndi mchenga. Ina ili pansi kutsogolo, kuseri kwa kachitseko kakang'ono, kumene ndalama ndi mabatani zimakasonkhana. Zonsezi bukhu la makina limalola mwini kutsegula.

Pomaliza, makoswe. Pansi pa makina ndi pamdima, ndi pofunda. Khoswe akamangamo nyumba, chakudya chake ndi mawaya. Musasunge makina pafupi ndi matumba a chimanga, ndipo muziwasuntha n'kusesa.

Nanga lamba? Ameneyo ali pamalire. Mota ikamamveka kuti ikuzungulira bwino koma chimbale chikuyenda mwaulesi, mwina lamba wakhwepa. Ngati ndinu munthu wozolowera tcheni cha njinga yamoto, mukhoza kumusintha, pulagi itazulidwa, dzanja lili kutali ndi kapasita. Wakaleyo musataye. Pamsana pake palembedwa nambala, ndiyo mukagulire mnzake.

(Nyimbo yaifupi)

Tsopano za moto, zimene si zanu.

Choyamba, makina akamakugwirani. Mwapisa dzanja m'madzi, mwamva ngati tinyerere tikuyenda m'zala. Ena amangoseka, ati makinawa amaluma pang'ono. Abale anga, makina oluma pang'ono ndi njoka imene ikuyesa mano. Zulani pulagi, musachapenso mpaka mmisiri aone.

Ndikuuzeni chifukwa chake. Magetsi a m'nyumba zathu ndi a mavoti 220. Amisiri a zamagetsi amaika chotetezera chimene chimadula magetsi pakangothawa mamiliampeya 30 okha, chifukwa kupyola pamenepo mtima wa munthu umatha kusokonezeka. Babu lakale lija la mawati 60 limakoka mphamvu yoposa pamenepo pafupifupi ka 9. Ndiye kuti moto wosakwana kuyatsa babu limodzi ndi wokwana kugoneka munthu. Ndipo munthu wochapa amakhala wonyowa m'manja, ataima pasimenti yonyowa, kawirikawiri wopanda nsapato. Magetsi safuna njira ina yabwino kuposa imeneyo.

Apa pali msampha umene wafala kumalire kuno. Makina ochokera ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu akuluakulu obulungira. Ochokera ku Chipata kapena ku Lusaka amabwera ndi ya mano atatu aphwatalala. Zonsezi sizilowa m'masoketi ambiri a m'nyumba zathu. Ndiye timatani? Timadula pulagiyo, n'kulumikiza mawaya awiri, wachitatu uja wobiriwira ndi chikasu n'kumupinda kuti alibe ntchito. Ena amangosomeka mawaya m'soketi n'kutsekera ndi timitengo ta machesi. Waya wachitatuyo, amene amisiri amamutcha terra, ndiye mlonda wanu. Magetsi akathawa m'njira yake, iye amawatengera m'nthaka. Mukamuchotsa, waya wopita m'nthaka mumakhala inuyo. Ngati pali ndalama imene muyenera kulipira mmisiri makina asanafe n'komwe, ndi ya soketi yokhala ndi terra yeniyeni.

Chachiwiri, fungo la kupserera, utsi, kapena magetsi a nyumba yonse akamazima mukangoyatsa makina. Musayesenso kachiwiri kuti muone ngati asintha maganizo.

Chachitatu, kung'ung'udza kuja kwa makina a mlongo wanga. Mota imene ikulira osazungulira imatentha msanga. Zimitsani pompo. Mwina ndi kapasita, mwina mphamvu ya magetsi yatsika, monga zimachitikira madzulo kumapeto kwa waya wautali pamene nyumba iliyonse yayatsa zake. Yesaninso m'mawa. Ikang'ung'udzabe, imbani foni. Chimodzimodzi inu a jenereta ndi a sola: mota poyamba imakoka mphamvu yochuluka kangapo kuposa imene imadya ikamayenda, ndiye kajenereta kochepa kamaivutitsa mpaka kuipsereza. Funsani musanalumikize.

Chachinayi, madzi akamadontha pansi pa mgolo wofinyira. Mukhoza kuganiza kuti imeneyi ndi nkhani ya madzi, ndi yanga. Ayi. Mota yofinyira ili pansi penipeni pa mgolowo, ndipo dontho lililonse likugwera pamoto. Pamene madzi akumana ndi waya, mpamene dzanja lanu lilekeze.

Chachisanu, bolodi ya makina odzichapira okha, imene ndi ubongo wake. Imeneyo sikonzedwa ndi waya wotenthetsa pambaula. Koma kuiteteza ndi kwanu. Novembala akafika, mitambo ikayamba kung'anima, zulani pulagi. Mphezi siifuna kugwa padenga lanu kuti iphe bolodi, imangodzera m'mawaya.

Mwina mukuti malire amenewa ndawapeka ndine. Tamvani za ku Ulaya, kumene amisiri ali paliponse. Kuyambira pa 1 Malichi 2021, lamulo la mayiko a European Union limakakamiza opanga makina ochapira kuti zipangizo zosinthira zizipezeka kwa zaka 10. Koma lamulolo linagawa zipangizozo pawiri. Chitseko, mahinji ake, labala wa pachitseko ndi kabokosi ka sopo ziyenera kupezeka kwa munthu aliyense. Mota, pampu, chotenthetsera madzi ndi bolodi, lamulo limangowakakamiza kupereka kwa amisiri. Azungu anachita kukhala pansi m'misonkhano kuti apeze zimene agogo athu ankadziwa pa mpini ndi khasu.

(Nyimbo yaifupi)

Tsono mwaona kuti vuto ndi la moto, ndipo mmisiri ali ku Tete. Ntchito yanu yatha? Ayi, apa ndiye yayamba.

Tonse tinadwazikapo matenda kuchipatala. Wodwazika sachita opaleshoni, sabaya jakisoni. Koma dokotala akafika, amafunsa iyeyo: ayamba liti, adya chiyani, usiku anagona bwanji? Wodwazika wabwino amafupikitsa ntchito ya dokotala. Woipa amangoti, "Kaya, akungodwala."

Khalani wodwazika wabwino wa makina anu. Kumbuyo kwake kuli kachikwangwani kolembedwa dzina ndi nambala ya mtundu wake, kaya ndi Defy, Hisense, Samsung kapena LG. Kajambuleni. Jambulani kavidiyo makina akulira kuti mmisiri amve yekha mawu ake. Tumizani pa WhatsApp. Muuzeni kuti anayamba liti, munali mukuchapa chiyani, kodi kunagwa mphezi, kodi kuli fungo, kodi akudontha kuti. Mukatero mmisiri anyamuka ndi chipangizo choyenera, ayenda ulendo umodzi osati iwiri. Ndipo funsani anzanu pamalopo. Ngati furiji ya a neba ikudwala, pampu ya uje ikudwala, muitaneni pamodzi, mugawane ndalama ya ulendo. Mutu umodzi susenza denga.

Ndiponso wodwazikayo ndani? Ndi amene amachapa. Iye ndiye amadziwa kulira kwa makina akakhala bwino, ndiye amayamba kumva mawu akasintha. M'nyumba zambiri munthu ameneyu ndi mayi kapena mwana wamkazi. Koma makina akafa, amene amatenga sikuludiraiva ndi bambo, amene amalankhula ndi mmisiri ndi bambo, ndipo mayi amauzidwa kuti akaphike tiyi. Wodziwa matenda ali kukhitchini, wosadziwa ali pa wodwala. Abambo anzanga, apatseni foni amayi.

Amisiri nanunso musaganize kuti ndakusiyani. Alipo pakati panu amisiri enieni, amene kuno timawalemekeza kuti mesitiri. Koma aliponso amene umisiri wawo ndi chikwama cha sipanala ndi pakamwa. Omvera, mmisiri weniweni mumamudziwa ndi zinthu zitatu. Amafunsa asanatsegule. Amayeza ndi kamita kake asananene kuti chakuti chafa. Ndipo akasintha chipangizo, chakalecho amakusiyirani m'manja. Amene wangofika n'kunena kuti mota yapsa asanayeze n'komwe, kapena akufuna kunyamula makina onse osakupatsani kapepala, muperekezeni mwaulemu. Mtengo mugwirizane ntchito isanayambe: wa ulendo pawokha, wa chipangizo pawokha, wa manja ake pawokha. Pa M-Pesa kapena pa e-Mola tumizani ya ulendo ndi ya chipangizo, ya ntchito idikire makina achape muli kuona. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Ndipo ngati makina ndi atsopano, musawatsegule n'komwe. Dziko lathu lili ndi lamulo loteteza ogula, Lei de Defesa do Consumidor, lamulo nambala 22 la chaka cha 2009. Koma lamulo limayenda ndi pepala. Lisiti ndi pepala la galantiya zisungidwe pamodzi ndi makadi a kusikelo a ana. Mukakagula, funsani mwini sitolo mafunso awiri: akafa ndibwere nawo kuti, ndipo zipangizo zake zimapezeka ku Tete? Makina okongola amene lamba wake amapezeka ku Johannesburg kokha ndi mlendo amene sadzakhalitsa.

(Nyimbo yaifupi)

Nditsirize ndi chinthu chimene sitichiwerengera tikamawerenga ndalama.

Kunali dokotala wina wa ku Sweden, dzina lake Hans Rosling. Munthu ameneyu dziko lathu ankalidziwa, chifukwa anagwira ntchito ya udokotala ku Nacala kuyambira 1979 mpaka 1981. Mu 2010 anakamba nkhani imene inamveka dziko lonse, yonena za makina ochapira. Anasimba kuti ali ndi zaka zinayi, makolo ake anagula makina oyamba atasunga ndalama kwa zaka. Agogo ake aakazi, amene moyo wawo wonse anachapira ana asanu ndi awiri pamanja, anakhala pampando kutsogolo kwa makinawo n'kuonerera mpaka anamaliza kuchapa. Iye anati mwa anthu 7 biliyoni a nthawi imeneyo, pafupifupi 2 biliyoni okha ndiwo anali ndi makina otere. Koma mfundo yake yaikulu inali yakuti makinawo anapatsa mayi ake nthawi, nthawi yopita naye ku laibulale, yomuwerengera mabuku, yophunzira iwo eni.

Nditamva nkhani imeneyi ndinakumbuka mlongo wanga. Chaka chimene makina anafa chija iye ankachita maphunziro owonjezera, owerenga ali kunyumba. Loweruka, makina akamazungulira, iye ankakhala pakhonde ndi mabuku ake. Masabata asanu ndi limodzi aja makina atafa, mabuku anatsekedwa. Anabwerera pabeseni, kuchapa za anthu asanu ndi awiri, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Alamu anawerenga ndalama ya mota, anawerenga ya maulendo awiri a mmisiri, anadandaula. Koma Loweruka zisanu ndi chimodzi za mlongo wanga palibe amene anaziika pa masamu. Wotsegula makina ndi wina, wolipira ndi msana wake ndi wina. N'chifukwa chake ndikuti, musanamasule sikulu yoyamba, funsani amene abwerere kumtsinje mukalakwitsa.

Ndipo kwa inu achinyamata a Maravia, anyamata ndi atsikana omwe, amene mukuti ntchito kulibe, mwamva mmene tikuvutikira kuitana munthu kuchokera ku Tete. Mizati ya magetsi ikulowa m'midzi, ndipo kumbuyo kwake kukubwera mafuriji, mapampu, zigayo ndi makina ochapira. Zonsezi zidzadwala. Sukulu za ntchito zamanja monga za IFPELAC zimaphunzitsa zamagetsi. Amene aphunzire n'kubwerera kudzakhala pa Fingoè, ali ndi kamita kake, makapasita ndi malamba m'kabokosi, sadzagona ndi njala. Dziko la osula lisakhale lopanda wosula.

Alamu anga lero ali bwanji? Ali bwino, ndipo ndikudziwa akumvetsera. Moni alamu, musandikwiyire. Loweruka lililonse ndi iwo amene amatsuka kasefa ndi kupisa m'matumba a ana. Kapasita yakale ija mlongo wanga anaiika pawindo, pafupi ndi mabuku ake, ndipo palibe amene amaichotsa. Tsiku lina ndili komweko makina anasintha kulira pang'ono. Ndinaona alamu akudzuka, mtima wanga unagunda. Koma sanapite kukatenga sikuludiraiva. Anasuzumira pakhonde nati, "Mayi, tabwerani mudzamve. Makina anuwa akuti chiyani?"

Kumpoto uko ndikuona kukung'anima, ndiye musanagone, kazuleni pulagi. Mugone bwino nonse.

(Nyimbo yotsekera)